Sitima yachidole ya DCC ikaiwala nambala yake

Dzulo sitima inayenda bwinobwino. Lero mwayatsa magetsi, mwaitana nambala yake pa chowongolera, koma ili phee pa njanji. Ambiri akaona zotere amathamangira kufufuta dikoda yonse kuti ayambirenso. Chonde dikirani kaye. Kawirikawiri chomwe chasokonekera ndi nambala imodzi kapena ziwiri, pamene kufufuta kumataya ntchito yonse imene munagwira pokonza liwiro, nyali ndi kulira kwa sitimayo.

Dongosolo la DCC, limene kampani ya Lenz ya ku Germany inaliyambitsa m'zaka za m'ma 1980 ndipo bungwe la NMRA la ku America linalivomereza m'zaka za m'ma 1990 kuti opanga onse azilitsatira, limasunga zinthu m'malo awiri. Kwina ndi mu dikoda, kabolodi kakang'ono kamene kali m'kati mwa mutu wa sitima uliwonse. Kwina ndi m'bokosi lolamulira, lija lotumiza magetsi ndi malamulo pa njanji. Musanagwire chilichonse, dziwani kuti mwa awiriwa waiwala ndani.

Ikani sitima ina pa njanji yomweyo. Ngati sitima zonse zikuvuta nthawi imodzi, kapena mitu imene munaimanga kuti izikoka limodzi yabalalika, kayikirani bokosilo. Dikoda imasunga nambala zake popanda batire, koma mabokosi ena amadalira kabatire kobulungira. Bokosi la Digitrax DCS100, mwachitsanzo, lili ndi batire la CR2032 m'kati mwake, ndipo batirelo likamatha bokosi limalira kasanu ndi kawiri mukaliyatsa. Batire lotereli si lovuta kupeza, ndi lomwe lija la mu kompyuta ndi m'makiyi a galimoto. Musanatsegule bokosi, lembani papepala zonse zimene likukumbukirabe. Pa bokosi lomweli, swichi yotchedwa OpSw 39 imafufuta zonse, choncho musaikhudze pongoyesa.

Ngati yavuta ndi sitima imodzi yokha, yambani ndi nsalu. Pukutani njanji ndi mateyala, pakuti fumbi ndi mafuta zimatseka njira ya malamulo, sitima n'kuoneka ngati yaiwala chonsecho sikumva chabe. Mukatero itanani nambala 3. Dikoda yatsopano imachoka ku fakitale ili ndi nambala 3, ndipo ikabwerera yokha pa chiyambi imayankhanso pa nambala yomweyo. Ikayenda, ndiye kuti dikoda ili moyo ndipo mota ili bwino.

Tsopano inyamuleni muiike pa njanji yokonzera, imene siyolumikizana ndi njanji zina mbali zonse ziwiri. Apa lamulo ndi limodzi: werengani musanalembe. Zonse za mu dikoda zimakhala m'timabokosi totchedwa CV, kalikonse ndi nambala yake. CV1 imasunga nambala yaifupi, kuyambira 1 mpaka 127. CV17 ndi CV18 zimasunga nambala yaitali, ya manambala mpaka anayi. Koma imene imapusitsa anthu ambiri ndi CV29.

Nambala ya mu CV29 ili ngati ndalama zachitsulo m'thumba limodzi: mumaona chiwerengero chonse, koma chapangidwa ndi tindalama tosiyana. 1 amatembenuza kumene sitima imalowera. 2 amaiuza kuti igwiritse ntchito masitepe a liwiro 28 kapena 128 m'malo mwa 14. 4 amailola kuyenda pa magetsi akale a DC. 32 amaiuza kuti iyankhe pa nambala yaitali. Dikoda zambiri zimabwera ndi 6, kutanthauza 2 kuphatikiza 4. Ndiye tiyerekeze kuti sitima yanu ndi 1234. Mu CV17 muyenera kupeza 196, mu CV18 mupeze 210, chifukwa 256 amalowa kanayi mu 1234 n'kutsala 210, ndipo 4 ameneyo amaphatikizidwa ndi 192. Mukapeza ziwirizi zili bwino koma CV29 ikuwerenga 6, palibe chatayika. Sitima ikungoyankha pa nambala yaifupi. Lembani 38, kapena 34, ibwerera.

Ine ndimakonda 34, ndipo ndikulimbikitsani inunso ngati simuyendetsa sitima pa DC. Dikoda imene 4 wake ndi woyatsa nthawi zina imasokonezeka magetsi akamayaka, n'kuganiza kuti ili pa DC, ndipo imathamanga ndi liwiro lonse osamva chowongolera. Sitima yodula yagwapo pansi kuchokera pa tebulo chifukwa cha kanambala kameneka. CV29 yomweyi ndiyonso imachititsa nyali yakutsogolo kuyaka ndi kuzima mukamawonjezera liwiro: dikoda ili pa masitepe 14 pamene bokosi likutumiza 28.

CV19 nayo muione. Imasunga nambala ya gulu, pamene mitu iwiri kapena itatu ikukoka limodzi. Ngati bokosi linaiwala gululo koma dikoda ikulikumbukira, nyali ndi hutala zimayankha pa nambala ya sitimayo koma mateyala osasuntha. Lembani 0 mu CV19, basi. Sitima imene ikuchedwa kwambiri kunyamuka kapena kuima, vuto lingakhale mu CV3 ndi CV4.

Bokosi likakana kuwerenga, musafulumire kunena kuti dikoda yapsa. Dikoda imayankha pogwedeza mota pang'ono, n'chifukwa chake sitima imanjenjemera ikamawerengedwa. Waya wa mota ukaduka kapena mateyala akada, yankholo silifika. Dikoda zokhala ndi mawu zimafunanso magetsi ochulukirapo kuposa amene njanji yokonzera ya mabokosi ena akale imapereka, ndipo alipo kachipangizo kowonjezera mphamvu monga PTB-100 ka SoundTraxx. Pali dikoda zinanso zokhomeka: sizilola kulembedwa ngati nambala ya mu CV15 sikufanana ndi ya mu CV16.

Zonsezi zikakanika, m'pamene mufufute. Pa dikoda zambiri, monga za ESU, Digitrax, Zimo ndi Hornby, mumalemba 8 mu CV8. Za Lenz zimafuna 33 mu CV8, za NCE zimafuna 2 mu CV30. Ngati munagula sitima kwa munthu wina ndipo simudziwa wopanga dikoda, werengani CV8 yomweyo, chifukwa imasonyeza nambala ya kampani. Mukalemba, chotsani sitima pa njanji kwa kanthawi, muibwezere, muitane 3. Kenako bwezerani nambala yake, muiyese, musanapitirire ku liwiro ndi nyali. Mukasintha zinthu zisanu nthawi imodzi simudziwa chimene chalakwika.

Nanga chimayambitsa kuiwalaku n'chiyani? Kawirikawiri ndi shoti, makamaka sitima ikalowa molakwika pa mphambano ya njanji, magetsi n'kumazima ndi kuyaka motsatizana. China ndi dzanja la mwini: ngati njanji yokonzera ikukhudzana ndi njanji zina, sitima iliyonse imene ili pamenepo imalandira zimene mukulembazo, ndipo mudzapeza zonse zikuyankha pa nambala imodzi. Kwa amene muli kumene magetsi amazimazima, zulani bokosi pa soketi mukamaliza kusewera, ndipo magetsi akathima muli pakati pa kulemba CV, iwerengeninso akabwera.

Sitima zikadali kuyenda bwino, tengani kope, sitima iliyonse tsamba lake. Lembani wopanga dikoda, CV1, CV3, CV4, CV17, CV18, CV19 ndi CV29. Ngati bokosi lanu limalumikizika ku kompyuta, pulogalamu yaulere ya JMRI DecoderPro imawerenga CV zonse n'kuzisunga, ndipo tsiku la vuto imazibwezera mu dikoda. Ngati pali ana amene amasewera nawo, aphunzitseni kuyendetsa ndi kuimitsa, koma batani lolembera CV likhale la akuluakulu mpaka atamvetsa CV29.