Chimbale Chikakana, Musafulumire Kuchitaya

Anzanga, kwathu kuli chimbale chimodzi chokha chomwe malemu agogo anga amaonekamo, cha ukwati wa achemwali. Sabata yatha ndinachiika mu kompyuta ya pasukulu pano, koma zii, osatulutsa chithunzi. Mtima unangoti myuu, ndimvekere basi chafa. Aphunzitsi atandithandiza ndinaphunzira zinthu izi.

Makompyuta athuwa alibe Windows, ali ndi Ubuntu. Ubuntu ndi mtundu wa Linux, ndipo Linux anaiyamba ndi Linus Torvalds ku Finland mu 1991. Nthawi zambiri chimbale chikakana pa Ubuntu, vuto si chimbalecho ayi, koma pulogalamu yoonetsera imakhala palibe.

1. Yang'anani kaye kunsi kwa chimbale. Ngati kuli fumbi kapena zala, pukutani ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete. Osapukuta mozungulira, mungachikande.

2. Mukachiika, tsegulani pamafayilo. Mukaona foda yolembedwa VIDEO_TS, dziwani kuti kompyuta yachiwerenga. Filimu yeniyeniyo imakhala m'mafayilo othera ndi VOB.

3. Pezani VLC, pulogalamu yaulere ya chizindikiro chonga zija amaika pamsewu akamakonza. Anaiyambitsa ndi ophunzira anzathu a ku Paris. Pa terminal mulemba kuti sudo apt install vlc. Apa pamafunika intaneti ndi pasiwedi, ndiye pemphani aphunzitsi, osangogwiragwira.

4. Mu VLC dinani Media, kenako Open Disc, musankhe DVD, mumalize ndi Play.

Changa chinaseweredwa pomwepo, poti n'chowotcha kwa ojambula wamba. Koma mafilimu ambiri ogula musitolo amakhala okhomedwa ndi loko wotchedwa CSS. Amenewo amafuna kanthu kena kotchedwa libdvdcss, komwe pa Ubuntu kamabwera kudzera mu libdvd-pkg. Zimbale zina zimakhalanso ndi nambala ya chigawo: Malawi ali m'chigawo 5, pamene South Africa ili mu 2. N'chifukwa chake chimbale chomwe amalume abweretsa kuchokera ku Joni chimatha kukana pa deki ya kunyumba.

Chomaliza, chimbale sichikhala mpaka kale. Dzuwa ndi mikwingwirima zimachiwononga. DVD wamba imasunga 4.7 GB, ndiye fulashi ya 8 GB ikwana. Ine ndinakopera foda yonse ya VIDEO_TS tsiku lomwelo. Madzulo ake amayi anaonera agogo akuvina pa laputopu ya aneba, mpaka kubwereza katatu.

Amene ali ndi chimbale chovuta andipeze ku Fomu 2 pa buleki.