Kodi nyimbo imatchuka chifukwa chokoma, kapena imakoma chifukwa chotchuka?

Nyimbo ikafika pomveka m'minibasi iliyonse, timangoti yatchuka chifukwa ndi yokoma. Koma tikudziwa bwanji? Kuti titsimikize, pangafunike kubweza nthawi m'mbuyo, n'kuitulutsanso nyimboyo kuti tione ngati ingatchukenso. Zosatheka zimenezo. Komabe akatswiri atatu a pa yunivesite ya Columbia ku New York, a Matthew Salganik, a Peter Dodds ndi a Duncan Watts, anapeza njira yozembera vutoli, ndipo zomwe anapeza zinatuluka m'magazini ya Science mu 2006.

Anakonza webusaiti n'kuikapo nyimbo 48 za magulu oimba osadziwika. Anthu oposa 14,000 analowapo, n'kumamvera nyimbo, kuipatsa nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu, ndipo akaikonda ankapanga dawunilodi. Nzeru yake inagona apa: munthu akangolowa, kompyuta inkamuponya mwachisawawa m'gulu lina lililonse mwa magulu 9. A m'gulu limodzi ankangoona dzina la nyimbo ndi la oimba, basi. A m'magulu 8 otsalawo ankaonanso kuti nyimbo iliyonse aitenga anthu angati, koma a m'gulu lawo lomwelo. Magulu onse anayambira pa ziro. Zinali ngati mayiko 8 osaonana, omvera nyimbo zomwezomwezo.

Kukanakhala kuti kukoma kokha ndi kumene kumatchukitsa nyimbo, yopambana ikanakhala imodzimodzi konsekonse. Sizinatero ayi. Nyimbo ina yotchedwa Lockdown inali ya nambala 26 kwa anthu osaona zosankha za anzawo aja. M'gulu lina inakhala nambala 1, pomwe m'gulu linanso inagwera pa nambala 40. Nyimbo yomweyo, mawu omwewo!

Chimachitika n'chiyani? Palibe amene ali ndi nthawi yomvera nyimbo zonse 48, ndiye munthu amayambira pa imene anzake atenga kale. Anthu ochepa oyambirira akangoikonda, mwina mwamwayi chabe, otsatira amaimvera, ena mwa iwo n'kuitenga, chiwerengero n'kukwera, n'kukopanso ena. N'chimodzimodzi pa chiwaya cha tchipisi: pamene pali anthu m'pamene inunso mumaima, chonsecho enawo mwina anangoona mnzawo ataima. Tisakokomeze, kukoma kunali ndi gawo lake. Nyimbo zabwino kwambiri sizinkagwa kawirikawiri, ndipo zoipitsitsa sizinkakwera kawirikawiri. Mavuto anali pa zapakatikatizi, zomwe zinkatha kuthera paliponse.

Nanga ma like ndi ndemanga? Mu 2013, a Lev Muchnik, a Sinan Aral ndi a Sean Taylor anafalitsa zomwe anayesa pa webusaiti ina ya nkhani. Ndemanga ikangolembedwa, zina ankazipatsa voti imodzi yoyamikira mwachisawawa, osayang'ana n'komwe zomwe zalembedwamo. Voti imodzi yabodzayo inakweza ndi 32 peresenti mwayi woti munthu wotsatira ayamikirenso, ndipo pamapeto ndemanga zoterezi zinali ndi mavoti okwera ndi pafupifupi 25 peresenti. Chosangalatsa n'chakuti voti yabodza yotsitsa sinagwire ntchito chimodzimodzi: anthu ena akaona ndemanga yatsitsidwa popanda chifukwa, ankaikwezanso.

Apa ndiye pali kukondera. Gulu limakonza msanga chinthu chimene chanyozedwa molakwika, koma chimene chatamandidwa molakwika limangochikankhira m'mwamba. Choncho mukaona foni kapena pulogalamu yowerengera mayeso ili ndi nyenyezi zisanu, chiwerengerocho chasakaniza zinthu ziwiri: ubwino wa chinthucho, ndi zomwe anthu oyambirira anadina.