Wojambula Zithunzi Kwacha Ikagwa

Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti. Ojambula zithunzi anamva kuwawa msanga, poti kamera, inki ndi mapepala osindikizira zimachokera kunja. Kasitomala naye ndalama ikachepa amayamba wagula ufa, chithunzi n'kumangodzijambula pafoni.

Komabe pali ntchito zomwe foni sinalande. Ukwati sabwereza, ndipo ndi akwatibwi ochepa amene angasiye tsikulo m'manja mwa msuweni wa foni yosweka galasi. N'chimodzimodzinso mwambo womaliza maphunziro. Inu amene mukulingalira bizinesi imeneyi, yang'anani kumeneko. Muzilandiriratu theka la malipiro, chifukwa ndalama yomwe mwagwirizana mu Juni mwina sidzagulanso inki yomweyo mu Disembala. Kamera yachiwiri muzibwereka kaye kwa mnzanu, musaitengere ngongole.