Masekondi 60 pa Mlatho wa Doctortown

Iwe amene wagula kamera yako yoyamba, kapena amene anzako akuitana kuti ukawanyamulire magetsi pa filimu yawo, takhala pansi ndikuuze za Sarah Jones. Ndikudziwa kuti mtima wako uli pa chithunzi chokongola, chija anthu akachiona amafunsa kuti munachijambula bwanji. Inenso zithunzi zotero ndimazikonda. Koma chilipo china chimene chinadya moyo wa mtsikana wa zaka 27, ndipo filimu yake sinatuluke n'komwe.

Linali Lachinayi, pa 20 Febuluwale 2014, m'chigawo cha Georgia ku America. Opanga mafilimu amakhamukira m'chigawo chimenechi chifukwa boma la kumeneko limawachepetsera misonkho, motero ntchito ya mafilimu ndi yambiri ndipo achinyamata ochuluka amadyera pomwepo. Sarah anali mmodzi mwa iwo, wothandizira wa pa kamera, amene anagwirako ntchito pa sewero la pa TV la The Vampire Diaries. Tsiku limenelo anali atalembedwa pa filimu yotchedwa Midnight Rider, yofotokoza moyo wa woimba Gregg Allman. Dayilekita anali Randall Miller, ndipo katswiri wa zisudzo William Hurt ndiye ankasewera ngati Allman.

Gululo linanyamuka ku Savannah kupita ku Doctortown, kufupi ndi tawuni ya Jesup, kumene mlatho wakale wa njanji umawoloka mtsinje wa Altamaha. Ankafuna kujambula loto: munthu atagona pa bedi lachitsulo la kuchipatala, bedilo litaikidwa chopingasa pa njanji, pansi madzi akuyenda. Anadikira masitima awiri n'kudutsa. Kenako anakwera pa mlathopo ndi makamera, ndi bedi lija. Sitima yachitatu ya katundu inatulukira ikuthamanga pafupifupi makilomita 90 pa ola. Njira yaifupi yotsikira pa mlathopo inali mbali yomweyo imene sitimayo inkachokera, ndiye anthu anathamanga molunjika nayo, m'kanjira kopapatiza ka m'mbali. Bedi linakanika kuchoka msanga. Sitima inaligunda n'kuliphwanya, zitsulo zinauluka, chimodzi chinamenya Sarah n'kumukankhira ku sitimayo. Anafera pomwepo. Anzake angapo anavulala, ndipo mayi wina wokonza tsitsi la ochita sewero anathyoka mkono koopsa.

Zonsezi zinachitika mofulumira kuposa nthawi imene watha powerenga ndime yapitayi. Koma usaganize kuti cholakwa chinachitika pamene sitima inaliza hutala. Chinachitika kale, anthu asanakwere n'komwe galimoto.

Malo ozungulira njanjiyo anali a kampani ya Rayonier, imene inali ndi fakitale pafupi, ndipo iyo inalola gululo kulowa pa geti pake. Koma njanji ndi mlatho zinali za kampani ina, ya CSX. Opanga filimuyo anapempha chilolezo kwa CSX, anakanidwa. Anapemphanso, anakanidwanso, ndipo yankho linali lolembedwa. Akuluakulu a filimuyo ankadziwa. Amene sankadziwa ndi anthu wamba onyamula makamera, opaka ochita sewero zodzoladzola, okonza zovala. Iwo anaona geti litatsegulidwa, anaona mabwana awo akuyenda molimba mtima, n'kuganiza kuti zonse zili m'malo mwake.

Taima pamenepa. Kodi iwe sukanaganiza chimodzimodzi? Mlonda wakutsegulirani geti, dayilekita wodziwika ali patsogolo, William Hurt, amene analandirapo mphoto ya Oscar, wagona pa bedi lomwelo. Ndiwe yani kuti ufunse? Umu ndi mmene ngozi za pa ntchito ya mafilimu zimabwerera. Aliyense amayang'ana mnzake n'kumati poti uyu sakuopa ndiye kuti akudziwa kanthu kena. Mnzakeyonso akuyang'ana iwe n'kumaganiza zomwezo.

Zizindikiro zinalipo, ndipo zinali zoonekeratu. Filimu ikapatsidwa chilolezo chojambula pa njanji, kampani ya njanjiyo imatumiza munthu wake. Amaima pamenepo ndi wailesi yolankhulira ndi oyendetsa masitima, ndipo iye ndi amene amanena kuti kwerani kapena tsikani. Ku Doctortown munthu woteroyo kunalibe. Kunalibenso wachipatala. Msonkhano wa chitetezo, umene umayenera kuchitika kamera isanayatsidwe kuti aliyense adziwe choopsa ndi kothawira, sunachitike. Munthu amene ntchito yake inali yopeza malo ojambulira ndi kutenga zilolezo, amene analandira kalata yokana ija, sanapite nawo tsiku limenelo. Ukaona amene amadziwa bwino za malowo palibe, bwanji osafunsa kuti watsalira chiyani?

Ndipo panali chizindikiro chachikulu koposa zonse. William Hurt anafunsa kuti sitima itabwera angakhale ndi nthawi yochuluka bwanji yothawira. Anauzidwa kuti masekondi 60. Iye ananena kuti nthawi imeneyo ndi yosakwanira, koma ntchito inapitirira, ndipo iyenso anakagona pa bedipo. Taganizira bwino yankho limenelo. Munthu akakuuza kuti sitima ikabwera uli ndi mphindi imodzi, wakuuza kuti sitima ikhoza kubwera. Wakuuza kuti palibe amene waimitsa masitima. Pa njanji imene mwapatsidwa chilolezo, funso la masekondi silikhalapo, chifukwa sitima sibwera inu muli pamenepo. Anthu onse aja anamva yankholo, koma m'makutu mwawo linamveka ngati dongosolo la chitetezo.

Komanso masekondi 60 anawawerengera ndani? Sitima yothamanga makilomita 90 pa ola imadya mamita 25 pa sekondi iliyonse, ndipo ya katundu ikamanga mabuleki imapitirirabe mtunda woposa kilomita isanaime. Iwe uli pa mlatho, pansi pa mapazi ako pali mipata, m'manja muli kamera yodula imene waphunzitsidwa kuti usaigwetse zivute zitani, kutsogolo kwako kuli anzako akupanikizana m'kanjira kamodzi. Mphindi imene analonjezedwa ija sinakwane n'komwe.

N'chifukwa chiyani anthu odziwa ntchito anachita zimenezi? Ndalama ndi nthawi. Pa filimu, tsiku lililonse limadya ndalama: malipiro a anthu, kubwereka makamera ndi magetsi, magalimoto, chakudya, malo ogona. Filimu yaing'ono ikakanidwa malo, imafunika kufunafuna ena, kapena kumanga chofanizira, kapena kusintha nkhani, ndipo zonsezi n'zodula. Ndiye pamabwera mayesero akuti tingolowa mwachangu, tijambule, tituluke, palibe aone. Ku America amati kuba chithunzi, ndipo ena amakunyadira ngati umboni wakuti ndi amuna pa ntchito. Tsiku la Doctortown silinali ngakhale tsiku loyamba lenileni la kujambula. Linali tsiku lapadera ntchito yaikulu isanayambe, la gulu lochepa, ndipo masiku oterewa ndi amene malamulo amamasuka.

Usanene kuti izi n'za ku America. Kuno kwathu ndi kumene tili pa ngozi kwambiri, chifukwa ambiri timajambula ndi ndalama za m'thumba, popanda inshulansi, popanda mgwirizano wolembedwa, ochita sewero ali achibale ndi anzathu a kutchalitchi. Njanji ndi yokongola pa kamera, ndipo woimba aliyense amafuna kuyenda pakati pake dzuwa likamalowa. Koma njanji yodutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde kupita ku Nacala imanyamula masitima ataliatali a malasha ochokera ku Moatize, ndipo saima chifukwa cha vidiyo yako. Nanga uja amakwera pamwamba pa lole ikuyenda kuti ajambule mochokera kumwamba? Nanga aja amadzazana m'bwato kunyanja, opanda majekete oyandamitsa, poti majeketewo awononga maonekedwe a chithunzi? Ku Nigeria, mu Epulo 2024, katswiri wa mafilimu Junior Pope anamira mumtsinje wa Niger limodzi ndi anzake ena a pa ntchito, bwato lawo litagubuduzika pa ulendo wa kojambula filimu. Iye anali atadzijambula yekha ali m'bwato, wopanda jekete, mantha akuoneka pankhope.

Ngati ndiwe dayilekita kapena mwini filimu, mvetsa ichi: anthu amene wawaitana amakukhulupirira kuposa mmene ukuganizira. Ukati kwerani, amakwera. Saona makalata amene uli nawo mu foni. Ukabisa kuti wakanidwa, wawalanda mwayi wosankha okha ngati akufuna kuika moyo wawo pachiswe. Randall Miller anavomera mlandu wopha munthu mosakonzekera ndi wolowa pamalo popanda chilolezo mu Malichi 2015. Anagamulidwa zaka 10, ziwiri za kundende ndi zisanu ndi zitatu zoyang'aniridwa ali kunja, pamodzi ndi chindapusa cha madola 20,000, ndipo analetsedwa kutsogolera filimu m'zaka zimenezo. Anakhala m'ndende pafupifupi chaka chimodzi. Wachiwiri wake, amene mwa udindo ndiye woyang'anira chitetezo pamalo ojambulira, anapezekanso wolakwa, chimodzimodzi mkulu woyendetsa za ndalama ndi dongosolo. Onsewa sanadzuke m'mawa ndi maganizo opha munthu. Ankangofuna chithunzi chawo, monga mmene iwe umafunira chako.

Mu Julayi 2017 khoti linagamula kuti banja la Sarah lipatsidwe madola 11.2 miliyoni, ndipo gawo lina la mlandu linagwera CSX yomwe. China mwa zifukwa zimene zinaperekedwa n'chakuti oyendetsa masitima awiri oyamba aja anadutsa anthu ali m'mbali mwa njanji koma sanadziwitse ofesi yawo kuti ichenjeze sitima yotsatira. Waona kuchuluka kwa anthu amene akanatha kulankhula tsiku limenelo?

Ngati ndiwe wamng'ono pa gulu, ndikudziwa chimene chimakutseka pakamwa. Ntchito ya mafilimu imayenda ndi mbiri. Ukatchuka kuti ndiwe wovuta, mawa sakuitananso, ndipo pakhomo pali anthu khumi ofuna malo ako, ena okonzeka kugwira ulere kuti dzina lawo lioneke kumapeto kwa filimu. Mantha amenewa ndi enieni, sindikuwapeputsa. Koma akulu anati safunsa anadya phula. Funsa kuti malo ano ndi a yani. Funsa kuti amene walola ndi mwini wake weniweni kapena ndi mlonda chabe, kapena mfumu ya m'mudzi imene ilibe ulamuliro pa njanji kapena pa msewu. Pempha kuona kalatayo ndi maso ako. Yang'ana ngati pali munthu wa eni malowo. Funsa kuti wina akavulala, galimoto yomutengera kuchipatala ndi iti, ndipo makiyi ali ndi yani. Ukamva mawu akuti "tingopanga changu", kapena "sipadutsa kanthu nthawi ino", kapena "tikaona ikubwera tithawa", tsitsa katundu wako pansi, ubwerere m'mbuyo, ndipo unene mokweza kuti anzako amve. Nthawi zambiri pamakhala wina amene akuopanso, akungodikira woyamba.

Sarah atamwalira, anzake a ntchito m'maiko ambiri anayamba kulemba dzina lake pa kabolodi kaja amawomba kutsogolo kwa kamera asanayambe kujambula. Makolo ake, Richard ndi Elizabeth Jones, akhala akuyenda kulankhula ndi opanga mafilimu za chitetezo. M'magulu ena chithunzi choyamba cha tsiku amachitcha Jonesy, ndipo asanachijambule amayamba aima kaye, n'kufunsana ngati aliyense akudziwa choopsa chimene chili pamalopo ndi kumene athawire.