Kusintha Ekizozi ya Pikapu Yakale ya Dizilo Yokhala ndi Turbo

Pa malo ochitirako kafukufuku wa zaulimi m'chigawo chino, kuyambira ku Chitedze ndi ku Bvumbwe m'Malawi mpaka ku Msekera ndi ku Mount Makulu m'Zambia, ntchito ya minda yoyeserapo mbewu imadalira galimoto ya pikapu. Mbewu ikafika kwa alimi patapita sabata ziwiri mvula yobzalira itagwa, zokolola za mindayo sizingayerekezedwenso bwino ndi za minda ina, ndipo ntchito ya chaka chonse imakhala italowa m'madzi. Zina mwa galimoto zimene zikugwirabe ntchitoyi ndi zakale, monga Isuzu KB 280 ya injini ya 4JB1-T ya malita 2.8, ndi Toyota Hilux ya injini ya 1KZ-TE ya malita 3.0, imene inayamba kupangidwa mu 1993. Pa galimoto za msinkhu umenewu paipi yotulutsa utsi, imene amakaniki amaitcha ekizozi, imakhala itadyeka ndi dzimbiri, itaphwanyika pa miyala, kapena itaotchereredwa kambirimbiri.

Ikafika nthawi yoisintha, woyang'anira galimoto amauzidwa kawirikawiri kuti paipi yaikulu idzapatsa injini mphamvu zambiri. Mphamvu zimene zimaonjezeka ndi zochepa ndithu. Phindu lenileni la ekizozi yabwino ndi kuchepetsa kutentha kwa utsi, ndipo kutentha ndiko kumapha mainjini amenewa.

Mmene turbo imagwirira ntchito

M'kati mwa turbo muli timagudumu tiwiri ta mapiko tolumikizidwa pa shafuti imodzi. Utsi wochokera mu injini umazunguza kagudumu koyamba, ndipo kachiwiri kamakankhira mpweya wambiri m'masilinda kuti mafuta apse bwino. Pa liwiro lalikulu shafutiyo imazungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi. Chimene chimazunguza kagudumu koyamba ndi kusiyana kwa mphamvu ya utsi pamene ukulowa ndi pamene ukutuluka, monga momwe madzi amazunguzira makina a magetsi pa Nkula chifukwa chakuti akutsika kuchokera pamwamba. Paipi ya kuseri kwa turbo ikakhala yopanikiza, kusiyanaku kumachepa. Turbo imachedwa kudzuka, mpweya wolowa umaperewera, mafuta ena amatuluka osapsa bwino ngati utsi wakuda, ndipo utsi wotentha umatsakamira pafupi ndi mavavu ndi hedi ya injini.

Pali chikhulupiriro chofala m'magalaja chakuti injini imafuna kuti utsi uzipanikizika pang'ono. Mau amenewa anachokera ku mainjini opanda turbo, kumene kukula kwa paipi kumakhudza liwiro la utsi ndi kakokedwe ka mpweya. Kuseri kwa turbo kulibe phindu lililonse limene kupanikizika kumabweretsa.

Vutoli limaoneka kwambiri pa zikweza zazitali. Galimoto yonyamula matumba a mbewu ya mpunga kuchokera ku Kasinthula m'boma la Chikwawa imanyamuka pa malo okwera mamita osaposa 100 kuchokera pa nyanja yamchere, n'kufika ku Blantyre pa mamita pafupifupi 1,000. Mpweya umapepuka ndi magawo pafupifupi 10 pa 100 alionse pa mamita 1,000 oyamba, kotero turbo imakakamizika kuzungulira kwambiri panthawi yomweyo imene injini ikukoka katundu pa giya yotsika, kunja kukutentha, mphepo yoziziritsa redieta ili yochepa. Chikweza cha Khwekhwerere chochokera ku Golomoti ndi cha Chiweta kumpoto zimachita chimodzimodzi. Injini ya 1KZ-TE ili ndi hedi ya aluminiyamu yomwe imadziwika kuti imang'aluka ikatenthedwa mobwerezabwereza, ndipo mtengo wa hedi yatsopano umaposa kutali mtengo wa ekizozi.

Kuyeza kaye

Wasayansi sasintha mtundu wa mbewu, feteleza ndi tsiku lobzala nthawi imodzi kenaka n'kunena kuti wadziwa chimene chachulukitsa zokolola. N'zodabwitsa kuti anthu omwewo amene amasamala chotere pa munda amalola kuti galimoto isinthidwe zinthu zitatu tsiku limodzi popanda muyeso uliwonse.

Utsi wakuda ndi kufooka pa chikweza zimayamba kawirikawiri ndi zinthu zotsika mtengo. Fyuluta ya mpweya imadzaza msanga ndi fumbi la m'misewu ya kumidzi m'chilimwe. Mapaipi a labala a pakati pa turbo ndi injini amang'ambika, mainjekita amatha, ndipo mipata ya mavavu imasokonekera. Manifold ikang'aluka, kapena gasiketi yake ikapsa, utsi umathawa usanafike pa turbo, ndipo chizindikiro chake ndi mwaye wakuda pa chitsulo ndi phokoso lothetheka injini ikadali yozizira. Paipi yatsopano sichiza chilichonse mwa zimenezi.

Zikakonzedwa zimenezi, kupanikizika kwa utsi kungayezedwe ndi zipangizo zopezeka pa malo alionse a kafukufuku. Makaniki amaboola kabowo pa paipi, pang'ono kuseri kwa turbo, n'kumangapo kapaipi ka kopa kotalika pafupifupi theka la mita kuti utsi uzizire. Ku kapaipi ka kopako amalumikizako kapaipi ka pulasitiki koonekera m'kati, kopindidwa ngati chilembo cha U ndi kothiridwa madzi mpaka theka. Kusiyana kwa masentimita 10 pakati pa madzi a mbali ziwirizo ndi pafupifupi 1 kPa. Opanga mainjini akuluakulu a dizilo okhala ndi turbo amaika malire a pakati pa 7 ndi 10 kPa, kutanthauza masentimita 70 mpaka mita imodzi ya madzi, choncho mbali zonse za kapaipiko ziyenera kukhala zazitali kuposa pamenepo. Muyeso wotengedwa galimoto itaima ulibe tanthauzo. Uyenera kutengedwa pa chikweza, galimoto itanyamula katundu, dalaivala ataponda mafuta onse, munthu wina akuwerenga. Madzi akasiyana pang'ono pokha, ekizozi yakaleyo siikupanikiza, ndipo ndalama zingagwire ntchito ina.

Muyeso wachiwiri ndi wa kutentha kwa utsi, ndipo geji yake amakaniki amaitcha EGT. Geji ya pa dashibodi imayeza madzi a mu injini, ndipo imachedwa: pamene singano yake ikuyamba kukwera, mapisitoni ndi mavavu amakhala atapsa kwa mphindi zingapo. Kachitsulo koyezera ka EGT kamamangidwa pa manifold, utsi usanalowe mu turbo. Pamenepo malire amene ambiri amatsata pa ulendo wautali ndi madigiri 700. Kakamangidwa kuseri kwa turbo kamaonetsa kutentha kotsika ndi madigiri 100 kapena kuposerapo, ndipo dalaivala wosadziwa izi amaganiza kuti zonse zili bwino. Poboola manifold ndi bwino kuchotsa kaye turbo, popeza kachidutswa kamodzi ka chitsulo kokwanira kuthyola mapiko ake.

Kukula kwa paipi ndi mapindidwe ake

Malo odutsa utsi amakula msanga kuposa mmene maso amaonera. Paipi ya mainchi 2 ili ndi mamilimita 51 m'mimba mwake, ndipo ya mainchi 2.5 ili ndi mamilimita 63, koma malo a m'kati mwa yachiwiriyi amaposa a yoyamba ndi magawo 56 pa 100 alionse. Kuchokera pa mainchi 2.5 kufika pa mainchi 3, amene ndi mamilimita 76, malo amaonjezekanso ndi magawo 44. Kwa injini ya malita 2.5 mpaka 3.0 imene pampu yake sinasinthidwe, paipi ya mainchi 2.5 ndi yokwanira. Ya mainchi 3 imaonjezera zochepa, imavuta kuidutsitsa pamwamba pa ekiselo ya kumbuyo, ndipo ikalendewera pansi imagunda mizere ya m'munda ndi miyala ya pa madooko. Imabweretsanso kulira kwa nthawi zonse m'kati mwa galimoto kumene kumatopetsa munthu pa ulendo wa maola asanu.

Mapindidwe ndi ofunika kuposa kukula. Makina wamba opindira mapaipi amafinya paipi pa ngodya iliyonse, kotero paipi ya mainchi 3 yopindidwa motero ingapanikize utsi mofanana ndi yaing'ono. Mapindidwe abwino ndi a mandrel, amene amasunga kukula kwa paipi pa ngodya ponse. Kumene kulibe makina otere, owotcherera angagule zigongono zopindidwa kale n'kuzilumikiza. Malo opanikiza kwambiri amakhala kachigawo koyamba kotuluka pa turbo, kamene pa galimoto zambiri kamakhota mwadzidzidzi, ndiponso sailensa yakale yodzaza mwaye kapena yogumuka m'kati. Sailensa yoongoka, imene munthu angasuzumire n'kuona kuwala kutsidya, imachepetsa phokoso popanda kutsekereza utsi. Kuichotseratu sailensa n'kulakwira malamulo a pamsewu, ndipo galimoto ingakanizidwe chiphaso cha COF.

Za chitsulo n'zachidule. Chitsulo wamba ndi chotsika mtengo koma chimachita dzimbiri msanga, makamaka pa galimoto yoyenda maulendo afupiafupi, chifukwa madzi amatsalira m'paipi n'kusakanikirana ndi sulufule wa m'mafuta. Ekizozi zambiri zakale zinadyeka m'zaka zimene mafuta anali ndi sulufule wambiri: ku South Africa malire ake anatsitsidwa kuchoka pa 3,000 kufika pa 500 ppm mu 2006. Chitsulo chosachita dzimbiri cha nambala 409 chimapirira kutentha ndipo mtengo wake ndi wapakati. Cha nambala 304 chimakhalitsa koposa koma n'chodula, ndipo chimafuna mmisiri wodziwa kuchiotcherera. Chofunika kwambiri n'chakuti pakhale cholumikizira chofewa pafupi ndi turbo ndi malabala atsopano opachikira. Paipi yolemera yomangidwa mouma imagwedezeka pa msewu wa mabampu mpaka kuthyola mabauti a turbo kapena kung'amba manifold.

Anthu, mbewu ndi moto

Pikapu ya kafukufuku imanyamula anthu kumbuyo: ogwira ntchito m'munda, alangizi, nthawi zina alimi opita ku tsiku la chionetsero. Paipi yothera pansi pa bodi imalowetsa utsi kumene anthuwo akhala, makamaka ngati pali kanope. Mu 2012 bungwe la IARC, limene lili pansi pa World Health Organization, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Motero paipi iyenera kutulukira kunja kwa bodi, kuseri kwa tayala la kumbuyo, italoza cham'mbali. Yoloza pansi imautsa fumbi limene limagwera pa zitsanzo za mbewu ndi za dothi.

Paipi yaikulu imayandikira zinthu zimene yakale inkazitalikira: mapaipi a mabuleki, thanki ya mafuta, mawaya ndi tayala lapadera. Zitsulo zotchinga kutentha zimene makaniki wazichotsa pogwira ntchito ziyenera kubwezeredwa zonse, ngakhale zikuoneka zopanda pake. Kuyambira Julaye mpaka Okutobala galimotozi zimalowa m'minda ya mapesi ndi udzu wouma, ndipo zinyalala zimakola pakati pa paipi ndi zotchingazo. Galimoto yochokera pa chikweza ikaimikidwa pa udzu wotero ingayatse moto wotentha munda ndi galimoto yomwe. Dalaivala aziimika pa dothi loyera ndi kuchotsa udzu pansi pa galimoto tsiku lililonse pa nyengo imeneyi.

Zonsezi zikukhudza galimoto zakale zokha. Zina mwa zatsopano zili ndi sefa ya mwaye ya DPF ndi zipangizo zina zoyeretsa utsi zolumikizidwa ku kompyuta ya injini, ndipo zimenezi siziyenera kuchotsedwa.

Ntchito itatha

Miyeso ija ibwerezedwe pa chikweza chomwe chija, ndi katundu wolemera mofanana, pa giya yomweyo ndi nthawi yomweyo ya tsiku. Paonjezedwenso geji ya mphamvu ya mpweya wa turbo. Kachitseko ka wastegate, kamene kamapatutsa utsi kuti turbo isapyole malire, nthawi zina kamalephera kupatutsa wokwanira paipi ikatseguka, ndipo mpweya umakwera kuposa mmene wopanga injini analamulira.

Chiyeso chachikulu chimabwera pamenepa. Poona kuti utsi wayera, makaniki amafuna kutsegulako pampu kuti mafuta achuluke, ndipo pa pampu ya 4JB1-T ntchitoyi ndi ya mphindi zochepa ndi sipanala. Galimoto imakokadi bwino, dalaivala n'kukondwa, koma kutentha konse kumene ekizozi yatsopano inachotsa kumabwerera, kawirikawiri mopyola pamene kunali poyamba, pa injini imene yayenda kale makilomita mazana a zikwi. Woyang'anira galimoto alembe pa pepala lotumizira ntchito kuti pampu isakhudzidwe, ndipo aonetsetse kuti chidindo cha pa sikuluu ya mafuta chikadalipo pamene galimoto ikutuluka m'galaja. Miyeso ya tsiku loyamba ndi ya tsiku lomaliza ilembedwe m'buku la galimoto, pamodzi ndi malo amene kachitsulo ka EGT kamangidwa, kuti dalaivala wina wodzalandira makiyi adzadziwe nambala imene ayenera kutsitsirapo giya.