Zilonda za Pakhosi ndi Zitseko za Mtima

Anzanga, ndani mwa ife amene sanadwalepo pakhosi? Nyengo ya mwera, pamene mphepo iomba usiku wonse ndipo mafunde aswekera pamchenga wa ku Chikale, ambiri tifika m'kalasi mawu atasasa, malovu osamezeka. Tinena kuti ndi chimfine chabe, timwa madzi a mandimu, ndi kuiwala. Ndipo kawirikawiri tinenadi zoona. Koma ulipo mtundu wina wa zilonda za pakhosi umene ungathe kumfikitsa munthu kwa dotolo wong'amba chifuwa patapita zaka khumi kapena kuposa, ndipo ndi umenewu ndifuna tiphunzirepo.

Tiyambe ndi mtima womwe. Amene munaonapo mjigo utamasulidwa mudziwa kuti m'kati mwake muli kamphira kamene kalola madzi kukwera koma kawaletsa kubwerera pansi. Kamphira kaja kakatha, mungapope kufikira thukuta, madzi atuluka pang'ono pokha. Mtima nawo uli ndi zitseko zinayi zotere, zimene aphunzitsi athu a Biology azitcha ma valve, ndipo zitseguka ndi kutsekeka nthawi zoposa 100,000 tsiku lililonse kuti mwazi uziyenda njira imodzi yokha.

Tsono kuli kachilombo kotchedwa streptococcus, kamene kakonda kugwira pakhosi ana a zaka 5 kufikira 15. Thupi lituma asilikali ake kukamenyana nako. Koma mwa ana ena asilikaliwo asokonezeka, pakuti khungu la kachilomboko lifanako ndi minofu ya munthu mwini, ndipo atapita masabata awiri kapena atatu ayamba kumenya mfundo za miyendo ndi zitseko za mtima. Mwanayo atentha thupi. Lero liwawa bondo, mawa chigongono, mkuja kakolo. Madotolo aitcha nthendayi rheumatic fever. Mfundo zichira, koma zitseko zitsala ndi zipsera, ndipo nthendayo ikabwera kawiri katatu, chitseko chiuma ndi kuchepa, kapena chileka kutsekeka bwino. Pamenepo mnyamata amene kale anali kuthamanga chitunda cha ku Chikale ayamba kuima pakati panjira kuti apume, miyendo itupa, usiku agona chokhala.

Musaganize kuti ndi nthenda ya kutali. Mu 2007 madotolo anafalitsa zimene anapeza mwa ana a sukulu a ku Maputo, m'dziko la Mozambique: pomvetsera chifuwa ndi chipangizo cha m'makutu anapeza ana 2 mwa 1,000 alionse, koma poyang'ana mtima ndi makina ounikira anapeza 30. Mu 2016 kunatuluka zotsatira za ana 1,450 amene anaunikidwa m'boma la Lilongwe, ndipo 3 mwa 100 alionse anali ndi zizindikiro za nthendayi pa zitseko zao, eni ake osadziwa kanthu.

Chitseko chikaonongeka kwambiri, mankhwala angochepetsa mavuto. Chotsala ndi opaleshoni. Dotolo adula fupa la pakati pa chifuwa m'litali mwake, aimitsa mtima, ndipo makina agwira ntchito ya mtima ndi mapapo kwa nthawi yonse imene iye akusoka. Makina otere anayamba kugwira bwino pa munthu mu 1953, m'manja mwa John Gibbon ku Philadelphia. Ndipo mu 1960, ku Portland, Albert Starr anaika mumtima wa munthu chitseko chopanga chimene anakonza pamodzi ndi injiniya Lowell Edwards. Chinali kampira m'kakhola kachitsulo, basi. Lero zitseko zopanga zili mitundu iwiri. China ndi cha nyama ya nkhumba kapena ng'ombe, chimene chitha patapita zaka 10 kapena 15, ndipo mwa achinyamata chitha msanga koposa apo. China ndi cholimba ngati chitsulo, chimene chikhalitsa moyo wonse, ndipo usiku kukakhala chete chimveka kugunda ngati wotchi. Kwa zaka zambiri Amalawi osowa opaleshoni yotere akhala akutumizidwa kunja, makamaka ku India, ndipo si onse odikira amene mwayi uwafika nthawi ikadalipo.

Koma tinene kuti mbale wathu wapita, wabwera, tamlandira pa depoti. Kodi wachira? Iyayi, ntchito yangoyamba. Fupa lija dotolo analimanga ndi waya, ndipo lifuna masabata 6 kufikira 12 kuti lilumikizane. M'nthawi imeneyi asapalase bwato, asakoke chilimira, asasenze ndowa, asasinje chinangwa, asanyamule ngakhale mwana wamkulupo. Kwa munthu wa kuno malamulo amenewa ndi owawa, pakuti atsala ndi ntchito yanji? Achibale ayenera kumvetsa, asamutche waulesi. Aziyenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, akafuna kutsokomola akumbatire pilo pachifuwa, ndipo asalowe m'nyanja kufikira bala litapola ndithu. Bala likafiira, likatuluka mafinya, kapena thupi likatentha, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Amene anamuika chitseko cholimba chija amwa mankhwala otchedwa warfarin masiku onse a moyo wake, chifukwa mwazi ukonda kuundana pachitsekopo, ndipo chibuma cha mwazi chikathawira kuubongo munthu afa ziwalo. Mankhwalawa akachepa, mwazi uundana. Akachuluka, munthu ataya mwazi m'mphuno, m'nkhama, kapena m'kati mosaoneka. Motero ayenera kupimitsa mwazi wake kawirikawiri, ngakhale kutero kumtengere ulendo wa ku Mzuzu. Ndiwo zamasamba monga chigwada ndi nkhwani zichepetsa mphamvu ya warfarin. Sikuti azileke, koma adye muyeso wofanana, osati mphika wonse lero kenaka mwezi wathunthu osalawa. Asamwe aspirin kapena mankhwala a zitsamba osafunsa dotolo. Atsikana amvetse bwino apa: warfarin angathe kupweteka mwana wosabadwa, ndipo mayi wa chitseko chotere ayenera kukambirana ndi dotolo asanakhale ndi pakati.

Ena asokoneza chitseko ndi kabatire kotchedwa pacemaker. Ako ndi kena, kothandiza mtima umene ugunda mochedwa, ndipo kaikidwa pansi pa khungu kumunsi kwa phewa. Munthu woyamba kukalandira anali Arne Larsson ku Stockholm mu 1958, ndipo anakhala ndi moyo kufikira 2001. Wokhala nako asakweze mkono wa mbali imeneyo kupyola phewa kwa masabata angapo oyamba, ndiponso asasunge foni m'thumba la pachifuwa pamwamba pake.

Tibwerere pakhosi paja. Mwana amene anadwalapo rheumatic fever abayidwe jekeseni ya penisilini masabata atatu kapena anayi alionse kwa zaka zambiri, kuti kachilombo kasapezenso polowera. Jekeseniyo iwawa, sindikunamizani, ndipo ambiri aithawa atayamba kupeza bwino. Koma kwa ife amene sitinafike pamenepo, chizindikiro ndi ichi: khosi lowawa mwadzidzidzi, thupi lotentha, mwanabele m'khosi, mwina timawanga toyera kummero, koma popanda chifuwa kapena mamina. Wotere apite ku chipatala cha Nkhata Bay kapena china chapafupi. Mankhwala ake ndi jekeseni imodzi ya penisilini, kapena mapiritsi a masiku 10. Ndipo amwedwe masiku 10 onsewo, ngakhale khosi lileke kuwawa tsiku lachitatu.