Namwino wa ku Lirangwe akufuna kuvula yunifolomu

Kalata ya sabata ino yopita kwa Azakhali yachokera ku Lirangwe. Wailemba ndi namwino, mayi wa ana atatu, amene amagwira ntchito pa chipatala china cha kudera la Chileka. Akuti watopa. Amakwera minibasi ziwiri, kusinthira pa Kameza, ndipo akachoka ku naiti amapeza apongozi ake odwala sitiroko akudikira phala ndi kusambitsidwa. Pa Facebook waona anthu akulengeza ntchito yogwirira kunyumba: kumvetsera zimene madokotala akunja ajambula ndi mawu n'kuzitaipa pa kompyuta, malipiro ake madola. Akungofunika kulipira kaye ndalama ya maphunziro. Bambo akunyumba akuti kusiya ntchito ya boma ndi misala. “Azakhali,” akufunsa motero, “ndiwamvere kapena ndidzimvere ndekha?”

Azakhali sakutsutsa za kutopako. Koma akuti kalata yosiyira ntchito ibakhala m'chikwama, chifukwa ntchito imene yamukopayo ikutha ngakhale kumene idachokera.

Ntchitoyi idakula ku America, kumene dokotala akamaliza kuona wodwala ankalankhula pa kachipangizo kojambula mawu, wina n'kudzataipa. Olembawo amalipidwa powerengera mizere, ndipo makampani atafuna zotchipa adatumiza ntchito yambiri ku India ndi ku Philippines. Lero gawo lalikulu akulemba ndi makina. Microsoft idagula kampani ya Nuance, eni pulogalamu ya Dragon imene imasandutsa mawu a dokotala kukhala zolembedwa, pa mtengo wa madola pafupifupi 19.7 biliyoni, mgwirizanowo udalengezedwa mu 2021. Anthu otsalawo ambiri amangokonza zimene makina alakwitsa, pa malipiro ochepa. Komanso lamulo la ku America la HIPAA, la 1996, limakhwimitsa chinsinsi cha odwala, moti kampani yeniyeni singotumiza mafayilo kwa munthu amene yangomupeza pa Facebook. Amene akuyamba n'kupempha ndalama, Azakhali akuti, akugulitsa maphunziro, sakulemba anthu ntchito.

Kuno kwathu msika umenewo kulibe n'komwe. Namwinoyu akudziwa yekha: kiliniko amalemba ndi bolopeni m'kabuku ka kuchipatala, kaja kamafika kopindikapindika, kodontheredwa mafuta, katamangidwa pa nsonga ya chitenje. Palibe amene amajambula mawu kuti wina akataipe.

Komabe ntchito yofanana nayo ilipo, mtunda wa minibasi imodzi kuchokera pa Lirangwe. Ku Blantyre kumachitika kafukufuku wa zaumoyo wambiri, makamaka mozungulira chipatala cha Gulupu: bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome lilipo kuyambira 1995, ndipo sukulu ya KUHeS idayamba kugwira ntchito mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Ofufuza amacheza ndi odwala, azamba, mafumu ndi magulu a amayi m'midzi, n'kujambula zokambiranazo. Pambuyo pake pamafunika munthu wozilemba liwu ndi liwu m'Chichewa, kenako n'kuzimasulira m'Chingelezi. Tangoganizani mawu ojambulidwa pansi pa mtengo wa mango: amayi anayi akulankhulira pamodzi, tambala akulira, mwana akukhosomola, gogo wina akufotokoza za tsempho motsitsa mawu. Makina amasokonezeka pamenepo. Namwino amene wakhala zaka akumva amayi akufotokoza matenda a ana ku sikelo amatola zonse, ndipo dzina la mankhwala likatchulidwa mopotoka amalizindikira.

Tsono asanamizidwe. Ntchito zimenezi zimabwera pulojekiti ikakhalapo, ikatha zatha, ndipo penshoni ya boma mulibe. Ola limodzi la mawu ojambulidwa limadya maola 4 kapena kuposa kulemba, kumasulira kusanayambe, msana uli pampando, mahedifoni ali m'makutu. Wosamalira wodwala m'nyumba maola amenewo sawapeza mosavuta. Pamafunika laputopu ya batire yolimba, kasola, ndi bandulo ya Airtel kapena TNM, pakuti ESCOM sipangana ndi munthu. Aliyense akukumbukira mdima wa 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira. Mapulojekiti ena salola n'komwe kuti mawu a anthu atuluke mu ofesi, ndiye “kugwirira kunyumba” nthawi zina kumatanthauza kupita mu tauni.

“Mwanangu,” akutero Azakhali, “bambo akunyumba akunena zoona pa nkhani ya ntchito, koma akulakwa ngati akuona kuti kusamalira mayi awo ndi udindo wanu nokha. Khalani pansi ndi alamu anu mugawane masiku.”

Pa za ntchito, Azakhali akulangiza kuti ayambe wapita ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Blantyre kukapempha kusamutsidwira kufupi, poti pa Lirangwe pomwepo pali chipatala chaching'ono. Chiphaso chake cha Nurses and Midwives Council of Malawi asachilole kufa, ngakhale atadzasiyadi wodi. Pa masiku a ofu adziyese: ajambule pa foni pulogalamu ya zaumoyo ya pa wailesi, aitaipe yonse, aone maola amene yamudyera. Ikamukomera, alembe CV yotchula unamwino, Chichewa ndi kutaipa, n'kumayang'ana malonda a ntchito a mabungwe ofufuza m'nyuzipepala. Ndalama imene amafuna kutumiza kwa a pa Facebook aja, aisunge ya laputopu.